THOMAS GRAHAM, MPHUNZITSI WA DAVID LIVINGSTONE

M'buku lino la cikumbutso ca Jubili mwalembedwa maina a iwo amene anayamba nchito ya Mulungu pa malo ano: abusa ndi aphunzitsi, alaliki ndi akuru a Mpingo, amisiri amene anaumba njerwa, ndi amai amene anasenza madzi ndi udzu. Ena a iwo makolo athu anawaona ndi maso, ndipo manda ao ali pakati pathu. Koma mtsinje uli wonse uli nao magwero ace kutali m'mapiri, kumene akumwa madzi ace sanafikako. Momwemonso nchito ya Misyoni m'dziko muno inathandizidwa ndi anthu ena amene sanaponda konse dothi la Africa. Mmodzi wa iwo ndiye Thomas Graham wa ku Scotland, mphunzitsi wamkuru wa Kemisitiri. Munthu ameneyu sanali mbusa, ndiponso anakana ubusa pamene atate wace anamkakamiza. Koma m'nyumba yace yophunzitsiramo munakhala anyamata awiri aumphawi, David Livingstone ndi James Young, ndipo cibwenzi ca awiriwa cinabala zipatso kufikira ku Nyanja yathu. Cifukwa cace tiyesa koyenera kuti Akristu a pano, makamaka alaliki ndi aphunzitsi, amve mbiri yace.

Kemisitiri ndiyo nzeru ya kusanthula zinthu zimene Mulungu anazilenga, kuti munthu adziwe cimene ciri m'kati mwa mcere, mwala, madzi ndi mpweya, ndi umo zisandulikira pamene zisanganizidwa kapena kutenthedwa. Mai wocheza cidulo ca phulusa, ndi mmisiri wakale woyenga citsulo m'ng'anjo, anali kucita nchito yomweyi ndi manja ao. Koma mwini nzeruyi afuna kudziwanso cifukwa cace. Ayesa zonse pa muyeso, nazilemba, kuti wina wa dziko lina akayesenso naone ngati ziri zoona.

MWANA AMENE ANAKANA UBUSA

Thomas Graham anabadwa m'mudzi waukuru wa Glasgow m'mwezi wa Disembala, caka ca 1805. Atate wace, James Graham, anali wamalonda wopeza bwino, mwini nchito ya nsaru, munthu wosabweza mau ace. Ndipo anatsimikiza mumtima kuti mwana waceyo adzakhala mbusa wa Mpingo wa Scotland. Masiku aja kukhala ndi mwana wolalikira pa gome kunali ulemu waukuru wa banja, monga kuli kwa ifenso lero.

M'caka ca 1819, asanakwanire zaka 14, mnyamatayo analowa Yunivesite ya Glasgow. Kumeneko anamva ciphunzitso ca Thomas Thomson, pulofesa wa Kemisitiri, ndipo mtima wace unagwidwa naco, wosamasukanso. Atatsiriza maphunziro ace m'caka ca 1824, anamuka ku Edinburgh, nakhala pa mapazi a pulofesa wina, Thomas Charles Hope. M'caka ca 1826, ali ndi zaka 20, anasindikiza kalata yace yoyamba ya nzeru, yonena za umo madzi amwera mipweya.

Pamene atate wace anazindikira kuti mwanayo sadzalowa ubusa, anapsya mtima, naleka kumpatsa ndarama. Zaka zimenezo zinali zowawa. Mnyamata wa m'nyumba ya cuma anakhala wosowa, nadzidyetsa ndi kulemba ndi kuphunzitsa ana a eni masamu. Amene anamgwira dzanja ndiwo amace ndi mlongo wace Margaret, amene anamtumizira zimene anakhoza, namlimbitsa mtima. Iye sanabwerera m'mbuyo. Anabwera ku Glasgow, natsegula kanyumba koyeseramo zinthu, ndipo m'caka ca 1829 anaikidwa mphunzitsi wa Kemisitiri pa sukulu ya amisiri ya m'mudzimo.

SUKULU YA ANTHU A NCHITO

M'caka ca 1830 Graham anasankhidwa kukhala pulofesa wa Kemisitiri pa Yunivesite ya Anderson, m'Glasgow momwemo. Sukulu imeneyi inayamba m'caka ca 1796 ndi cuma cimene anasiya John Anderson, amene anafuna kuti nzeru ifike kwa anthu ogwira nchito ndi manja, amuna ndi akazi omwe. Mtengo wa maphunziro unali wocepa, ndipo ena a maphunzirowo anacitika madzulo, kuti mmisiri ataweruka ku nchito akhale pa benci naphunzire. Sukuluyo inakula m'kupita kwa zaka, ndipo m'caka ca 1964 inasanduka Yunivesite ya Strathclyde.

Graham sanali wa pakamwa pothwa. Anali munthu wofatsa ndi wamanyazi, wolankhula motsitsa ndi mododoma, kotero kuti ofuna mau okometsa sanakondwera naye kwambiri. Mphamvu yace inali m'manja ndi m'maso. Cimene anaciona anacinena monga cinali, wosaonjezapo. Ndipo ophunzira amene anakhala naye pafupi anatengera khalidwe lomwelo.

Mwa iwo akufika madzulo munali James Young, mwana wa mmisiri wa matabwa, wobadwa m'caka ca 1811, amene usana anali kupala matabwa pamodzi ndi atate wace. Graham anaona luso la mnyamatayo, namtenga akhale mthandizi wace wokonza zipangizo. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo iye amene anatayidwa ndi atate wace anadziwa kutola mwana wa mwini.

M'caka ca 1836 kunafika wina, wocokera ku Blantyre wa ku Scotland, mudzi wa mamailosi 8 kucokera ku Glasgow. Ameneyu ndiye David Livingstone, wa zaka 23, amene anagwira nchito m'nyumba yopota thonje kuyambira ali ndi zaka 10. Iye anatsimikiza kukhala mthenga wa Uthenga Wabwino wodziwanso mankhwala. Potero miyezi ya dzuwa anapota thonje nasunga ndarama, ndi miyezi ya cisanu anakhala m'Glasgow kuphunzira using'anga. Wophunzira using'anga ayenera kudziwa Kemisitiri, pakuti mankhwala onse ali ndi muyeso wace, ndipo wocuruka usanduka ululu. Comweco Livingstone anakhala pa benci ya Graham. M'cipinda ca James Young munali benci ya umisiri ndi zipangizo zosemera mitengo ndi zitsulo. Livingstone anakonda kulowamo, naphunzira kugwira zipangizozo, zimene zinamthandiza pambuyo pace pomanga nyumba ndi kukonza ngolo m'Africa. M'cipinda comweco munayamba cibwenzi ca awiriwa, cimene sicinatha kufikira imfa.

LAMULO LA MIPWEYA

Tsono tinene za nchito imene inachukitsa dzina la Graham. Mpweya suli wa mtundu umodzi. Ulipo okosijeni, umene tipuma kuti tikhale ndi moyo, ndi umene moto uyaka nao. Ulipo haidirojeni, wopepuka koposa yonse. Ndi ina yambiri. Mipweya iwiri ikakomana isanganizika yokha, popanda woitakasa, monga pfungo la mankhwala lifalikira m'cipinda cotseka. Anthu anadziwa ici kale, koma panalibe wodziwa liwiro lace kapena lamulo lace.

Wanzeru wina wa ku Germany, Döbereiner, anaona cinthu codabwitsa m'caka ca 1823. Anasunga haidirojeni m'botolo la galasi lobvundikira pamadzi, ndipo botololo linali ndi mng'alu waung'ono. M'mawa mwace anapeza madzi atakwera m'botolomo. Graham anasinkhasinkha za ici, nati mumtima mwace kuti mpweya wopepukawo unaturuka pa mng'alu msanga koposa umo mpweya wa kunja unalowera, ndipo madzi anakwera kudzaza malo otsala. Pofuna kuyesa, anatenga galasi lalitali longa bango, natseka mbali imodzi ndi pulasitala, yonga imene asing'anga amangira nayo pfupa lothyoka, pakuti pulasitala iri ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Anadzaza galasilo ndi mpweya umodzi, naimika mbali yotseguka m'madzi, nayesa mpweya woturuka ndi wolowa. Anatero ndi mpweya uwu ndi uwo, kubwereza kawirikawiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

M'caka ca 1831 anawerenga zimene anapeza pamaso pa anzeru a ku Edinburgh. Lamulo lace ndi ili: mpweya wolemera uyenda pang'ono, wopepuka uyenda msanga, ndipo kusiyana kwace kuli ndi ciwerengero cosasinthika. Mpweya wolemera kanai kuposa unzace uyenda theka la liwiro la unzacewo; wolemera ka 9 uyenda limodzi la magawo atatu; wolemera ka 16 uyenda limodzi la magawo anai. Okosijeni alemera ka 16 kuposa haidirojeni. Cifukwa cace haidirojeni apyola pa timaenje kanai msanga kuposa okosijeni. Kufikira lero ana a sukulu a maiko ambiri aphunzira ici, nacicha Lamulo la Graham.

M'caka ca 1833 anamasulanso mfundo ina imene inasautsa anzeru. Mwa mafupa athu, ndi mwa fetereza wina wa m'munda, muli cinthu cochedwa fosifeti. Anzeru anapeza asidi wace ali wa makhalidwe atatu, osadziwa cifukwa. Graham anaonetsa kuti kusiyanako kucokera ku madzi omangika m'kati mwace: wina ali ndi magawo atatu a madzi, wina awiri, wina limodzi. Pa maziko amenewa Justus Liebig wa ku Germany anamanga ciphunzitso catsopano ca maasidi.

KU LONDON

Mbiri yace inamveka, ndipo m'caka ca 1836 analandiridwa m'bungwe la Royal Society, ndilo bwalo lalikuru la anzeru a ku Britain. M'caka ca 1837 anaitanidwa akhale pulofesa wa Kemisitiri pa University College ku London, m'malo mwa Edward Turner amene anamwalira. Ndipo popita anatenga James Young. Anakhala pa mpando umenewo zaka 18. Analemba buku lalikuru lophunzitsira Kemisitiri, limene linatembenuzidwanso m'Cijeremani.

Masiku aja odziwa Kemisitiri a ku Britain anali obalalika, yense pa yekha. M'caka ca 1841 Graham ndi anzace anayambitsa bungwe la Chemical Society, kuti azisonkhana ndi kuuzana zimene apeza, ndi kudzudzulana pamene wina walakwa. Ndipo anamsankha iye akhale wa pa mpando woyamba. Bungwe limenelo linaphatikana ndi ena m'caka ca 1980, nilichedwa Royal Society of Chemistry; nyumba yace ya ku Cambridge anaicha dzina la Thomas Graham. Boma linamfunsanso nzeru pa zinthu za anthu onse. M'caka ca 1851 iye ndi anzace awiri anatumidwa kuyesa madzi akumwa a mudzi wa London, nalemba zimene anapeza.

WOYANG'ANIRA NYUMBA YOSULA NDARAMA

M'caka ca 1855 anaikidwa woyang'anira nyumba yosula ndarama za Mfumu, mpando umene Isaac Newton anakhalapo kale. Ndipo anasiya upulofesa. Nchito imeneyi inali yolemetsa, ndipo kwa zaka zingapo inamlanda nthawi ya kufufuza kwace. Kobiri la masiku aja linali la mkuwa wokha, lalikuru ndi lolemera, losacedwa kuperepeseka. M'caka ca 1860 Boma linayamba kusula makobiri atsopano a mkuwa wosanganiza, magawo 95 a mkuwa, 4 a tini ndi 1 la zinki. Kobiri latsopanolo linalemera theka la lakale, koma linali lolimba kopambana. Kusonkhanitsa makobiri akale m'dziko lonse ndi kusula miyandamiyanda ya atsopano kunagwa pa mapewa a Graham. Makobiri a mtundu umenewo anafika kuno m'masiku a Nyasaland, ndipo makolo athu anawaponya m'mbale ya zopereka, osadziwa dzina la iye amene anayang'anira ciyambi cace.

PEPALA LOLEKANITSA

Nchito ya ndarama itapepuka, anabwerera ku funso la ubwana wace, la kuyenda kwa zinthu. Koma tsopano anayang'ana za m'madzi. Munthu akathira shuga m'kapu ya tiyi, wosatakasa, shugayo akwera yekha pang'onopang'ono kufikira tiyi yense atsekemera. Graham anayesa liwiro la kuyenda kotere, napeza kuti zinthu zosungunuka zigawika pawiri. Zina, monga mcere ndi shuga, ziyenda msanga. Zina, monga utomoni wa mtengo, coyera ca dzira ndi phala la sitaci, ziyenda mozengereza ndithu. Zozengerezazi anazicha makoloidi, kucokera ku liu la Cihelene lotanthauza cinthu comata.

Pamenepo anapanga cipangizo capafupi, cimene mwana akhoza kucimvetsa. Anatenga mkombero wonga wa licero, nakunga pansi pace pepala lolimba longa cikopa, monga akungira ng'oma. M'kati anathiramo madzi osanganiza mcere ndi utomoni, nayandamitsa cipangizoco pa mbale ya madzi oyera. Atapita maora, mcere unapyola pepala nulowa m'madzi a kunja, koma utomoni unatsala m'kati. Kusefa kwa masiku onse kulekanitsa madzi ndi zinyalala zooneka. Koma apa zinthu ziwiri zosungunuka pamodzi, zosaoneka ndi maso, zinalekana zokha, cifukwa tizigawo ta cimodzi ndi tating'ono ndi ta cinzace ndi tatikuru. Amai a kunyanja acita cofanana naco pobviika cinangwa cowawa: kuwawa kuturuka kunka m'madzi, ufa nutsala.

Kulekanitsa kumeneku anakucha dayalisisi, nasindikiza mbiri yace m'caka ca 1861. Anaonetsa kuti mwa njira iyi munthu akhoza kuturutsa ululu wa aseniki m'zakudya kapena m'zam'mimba za munthu wakufa, kuti oweruza adziwe ngati anadyetsedwa. Anaonetsanso kuti mu mkodzo muli cinthu cochedwa yureya, cimene cipyola pepalalo mosabvuta. M'caka ca 1862 Royal Society inampatsa mendulo ya Copley, ndiyo mphotho yace yoposa zonse.

ZAKA ZOTSIRIZA

Ngakhale thupi lace linali kufoka, sanaleka kufunsa. Anapeza kuti citsulo coyera cochedwa paladiyamu cimwa haidirojeni monga thonje limwa madzi, kufikira miyeso ngati 900 ya ukuru wace wa citsuloco. M'caka ca 1867 anatenga citsulo cimene cinagwa kucokera kuthambo, nacitentha, napeza kuti munaturuka haidirojeni. Comweco mpweya umene anauyesa m'galasi ku Glasgow anaupezanso m'cinthu cocokera kunja kwa dziko lathu.

Graham sanakwatira. Anamwalira m'nyumba yace ku London pa 16 Seputembala 1869, ali ndi zaka 63. Mtembo wace anautengera kwao, nauika pa bwalo la kacisi wamkuru wa Glasgow. M'caka ca 1872 James Young anaimika cifanizo cace ca mkuwa pa George Square, pakati pa mudziwo, nalipira yekha mtengo wace. Comweco mwana wa mmisiri wa matabwa anabwezera ulemu kwa iye amene anamtola.

UMO MTSINJEWO UNAFIKIRA KUNO

James Young, atasiyana ndi mphunzitsi wace, anagwira nchito m'nyumba zopanga mankhwala, napeza njira ya kuturutsa mafuta m'malasha mwa kuwatentha pang'onopang'ono. M'caka ca 1850 Boma linampatsa kalata yomtsimikizira njirayo, ndipo m'caka ca 1851 iye ndi anzace anatsegula nyumba yoyenga mafuta ku Bathgate. Mafuta ace a nyali ndiwo parafini, ndipo anthu anamucha Paraffin Young. Parafini wa zaka za pambuyo anacokera ku mafuta a m'zitsime za pansi. Koma Young ali mmodzi wa iwo amene anatsegula njira. Alaliki akale amene anakonza ulaliki wao usiku pa kuunika kwa nyali, ndi ana a sukulu amene anaphunzira kuwerenga pa koloboyi, anadya za m'munda umenewo.

Young analemera, koma sanaiwala bwenzi lace la pa benci. Livingstone anafika ku Africa m'caka ca 1841, naona Nyanja yathu m'mwezi wa Seputembala 1859. Pa maulendo ace Young anamthandiza ndi ndarama, nayang'anira zinthu za banja lace. Ndipo pamene mbiri ya Livingstone inasowa m'kati mwa Africa, Young analipira ulendo wa kukamfuna. Livingstone anamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873. Anyamata ace ananyamula mtembo miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, ku nyanja yamcere. Atsogoleri ao anali Susi, ndi Chuma, Myao amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana ku mapiri a Shire m'caka ca 1861. Young ndiye anawalipirira ulendo wa ku Britain m'caka ca 1874, ndipo kumeneko anafotokoza za masiku otsiriza a mbuye wao, kuti mbiriyo ilembedwe moona. Pamene Akristu a ku Glasgow anasonkha cuma ca kuyambitsa Misyoni ya cikumbutso ca Livingstone, Young anali mmodzi wa opereka. Ngalawa ya Ilala inafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875. Misyoni ya Blantyre inayamba m'caka ca 1876. Ndipo ena anatsata m'mapazi ao.

Taonani tsono njira yace. Mwana anakana ubusa, atate wace nayesa kuti Mpingo wataya wanchito. Koma mwanayo anaphunzitsa sing'anga amene anatsegula njira ya ku Nyanja, naleranso mmisiri amene cuma cace cinacirikiza sing'angayo. Atate uja anafuna gome limodzi m'Scotland. Sanakhoza kuona magome a kuno.

ZIPATSO ZIWIRI ZA CAKA CIMODZI

Nzeru ya munthu siifa naye, ndipo mwini wace alibe mphamvu pa iwo amene adzaitola. Caka ca 1945 cionetsa ici poyera.

Nchito ya impsyo ndiyo kucotsa m'mwazi yureya ndi zonyansa zina. Impsyo zikaleka, zonyansazo zicuruka, munthu natupa, nafa. Asing'anga anakumbukira pepala la Graham, nati, ngati yureya apyola koma zazikuru za m'mwazi zitsala, kodi sitikhoza kutsuka mwazi kunja kwa thupi? M'caka ca 1913 John Abel ndi anzace ku Baltimore anayesa pa nyama. M'caka ca 1924 Georg Haas wa ku Germany anayesa pa munthu. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri, Willem Kolff, sing'anga wa m'mudzi wa Kampen ku Netherlands, anapanga makina a mgolo wozungulira, naukulunga ndi kathumba kakatali kopyapyala kopangira soseji. Mwazi unayenda m'kathumbamo, mgolo nuzungulira m'madzi a mcere. Odwala oyamba, kuyambira m'caka ca 1943, anamwalira. Koma iye sanaleka. M'mwezi wa Seputembala 1945 mai wina wa zaka 67, amene anali cikomokere, anatsitsimuka, nakhala ndi moyo zaka zina. Lero makina otere ali m'maiko ambiri, ndipo alipo pa cipatala ca Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala agona pambali pa makinawo maora ngati anai, kawiri kapena katatu pa sabata, mwazi wace nuturuka, nutsukidwa, nubwerera. Dzina la nchitoyo likali lomwe lija analipereka Graham.

Koma zaka zomwezo, ku Oak Ridge m'dziko la America, anthu ena anatola Lamulo la mipweya. Citsulo ca yureniyamu ciri ca mitundu iwiri yosiyana pang'ono polemera, ndipo wopepukawo ndiwo upanga bomba. Anasandutsa citsuloco mpweya, naupyoletsa pa zocinga za timaenje kambirimbiri, kuti wopepuka utsogole monga mwa lamulolo. Nyumba imeneyo inathandiza kukonza yureniyamu wa bomba limene linagwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, nilipha anthu zikwi makumi ambiri. Mwezi umodzi wokha unalekanitsa bombalo ndi kutsitsimuka kwa mai wa ku Kampen. Ndipo zonse ziwiri zinaphuka pa nchito ya munthu mmodzi wofatsa, amene anagona m'manda zaka 76 zisanacitike. Nkhwangwa imodzi isema mtondo, niphanso munthu. Mlandu suli pa nkhwangwa kapena pa wosula, koma pa mtima wa woigwira. Ndipo kukonza mitima ndiyo nchito imene Mpingo unapatsidwa.

MAU KWA MAKOLO NDI ALALIKI

Abale, pa Jubili ino tiyamika Mulungu cifukwa ca ana a pano amene analowa ubusa ndi ulaliki, ndipo tipempha kuti aonjezeke, pakuti midzi yosowa wolalikira ikali yambiri. Koma tikumbukire kuti m'cipululu Mulungu anaitana Aroni ku unsembe, naitananso Bezaleli ndi dzina lace ku nchito ya golidi, mkuwa ndi mitengo. Ndipo cihema cinafuna onse awiri. James Graham anafunira mwana wace cinthu cabwino. Kulakwa kwace kunali kuyesa kuti iye ndiye woitana, ndi kutseka dzanja pamene mwanayo anamva kuitana kwina. Akadapanda amace ndi mlongo wace, nyali imeneyo ikadazima isanayake.

M'makalasi mwanu, inu alaliki ndi aphunzitsi, muli ana amene sadziwa kulankhula pa anthu, adodoma poyankha katekisma, koma maso ao apenyetsetsa, nafunsa cifukwa cace ca mvula, ca dzimbiri ndi ca moto. Musawayese opusa kapena osamvera. Muwaphunzitse kunena zoona pa cimene aciona, kupirira pa nchito yosatha msanga, ndi kuopa Mulungu pogwira nzeru; pakuti ena a iwo adzagwira zinthu zokhoza kuciritsa ndi kupha. Muli enanso onga James Young, amene usana ali kumunda kapena ku matabwa, ndipo asowa munthu mmodzi yekha wakuona luso lao. Ndipo pamene mupempherera abusa ndi ophunzira za ubusa, muchulenso ana athu amene aphunzira Kemisitiri ndi using'anga ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndi aphunzitsi ao, kuti Mulungu amene anapatsa nzeruyo aiyang'anirenso m'manja mwao.